Nyumba ya pa matayala ndi magetsi a eni: kusankha chitetezo choyenera musanaime pa Ntcheu

Galimoto yogonamo, chipatala choyendayenda ndi lole ya zokuzira mawu zili ndi vuto limodzi. Kulikonse kumene zaima zimapempha magetsi pa soketi yomwe sizikuidziwa. Nanga mwini wake agule chiyani kuti katundu wake asapse?

Ntcheu ndi boma la apaulendo. Msewu wa M1 umalidula kuchokera kummwera, kudzera pa Chingeni, Kampepuza ndi pa boma penipeni, n'kukwera cha ku Biriwiri, Tsangano Turn-off, Mlangeni mpaka pa Lizulu, pomwe msika umodzi umadyetsa Malawi ndi Mozambique. Kumunsi kwa mapiri, m'chigwa cha Bwanje, msewu wa M5 umadutsa pa Sharpevale ndi Kasinje kulowera ku Golomoti ndi ku Salima. Wochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe, kapena wotsika ku Dedza kupita kunyanja, nthawi zambiri dzuwa limamuthera m'dera lino.

Pakati pa mabasi, matiraki ndi maminibasi pamadutsanso magalimoto a mtundu wina, omwe mkati mwake muli firiji, mabatire, nyale, ma soketi ndi bedi. Ena ndi a alendo ochokera ku South Africa, Namibia ndi ku Ulaya omwe amalowera ku Cape Maclear, Senga Bay, Liwonde kapena pa phiri la Zomba. Koma ambiri ndi athu omwe: magalimoto a zaumoyo onyamula katemera m'mafiriji, malole a zokuzira mawu opita ku maukwati, misonkhano yachitsitsimutso kapena ku Umhlangano wa Angoni a kwa Maseko pa Nkolimbo, makaravani a anthu omanga misewu, ndi ma Hiace omwe eni ake awasandutsa kachipinda kogonamo pa maulendo a malonda.

Nyumba ya njerwa imadziwa magetsi ake. Mmisiri adaikamo waya kamodzi, mita ndi yomweyo, thiransifoma ndi yomweyo. Nyumba ya pa matayala ilibe mwayi umenewo. Lero yalumikiza pa khoma la malo ogona alendo, mawa pa ofesi ya sukulu, mkuja pa jenereta ya munthu wochajitsa mafoni. Soketi iliyonse ili ndi mbiri yake, ndipo mwini galimoto amaidziwa mbiriyo zinthu zitapsa kale.

Adani ndi awiri, osati mmodzi

Anthu ambiri akamati "magetsi abwera ndi mphamvu, apsereza TV" amaphatikiza zinthu ziwiri zosiyana. Kusalekanitsa zinthuzi ndi komwe kumachititsa munthu kugula chitetezo cholakwika.

Mdani woyamba ndi kudumpha kwa mphamvu kwa kanthawi kochepetsetsa. Mphenzi ikagunda pafupi ndi mawaya a ESCOM, kapena makina aakulu monga chigayo akazimitsidwa mwadzidzidzi, mphamvu imatha kudumpha kufika ma volt masauzande angapo, n'kubwerera m'malo mwake diso lisanaphethire. Kanthawi kameneko n'kokwanira kuwononga timawaya tosaoneka ndi maso ta m'kati mwa chaja, kompyuta, invata ndi makina a zachipatala.

Mdani wachiwiri ndi magetsi omwe akwera kapena kutsika n'kukhala pomwepo kwa mphindi kapena maola. Muno m'Malawi magetsi a m'nyumba amayenera kukhala ma volt 230, ndipo zipangizo zambiri zimapirira akasuntha ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, ndiye kuti pakati pa 207 ndi 253. Madzulo, aliyense akayatsa zake pa thiransifoma imodzi yolemedwa kale, mphamvu imatsika. Nyale imangofiira, koma firiji imavutika kwambiri: mota yake imalephera kuzungulira, imakoka magetsi ambiri, imatentha n'kupsa. Choopsa kuposa apa ndi kuduka kwa waya wa neutral, kaya chifukwa cha mphepo, dzimbiri kapena akuba omwe amasakaza mathiransifoma pofuna kopa ndi mafuta, khalidwe lomwe ESCOM yakhala ikulidandaula kwa zaka zambiri. Waya ameneyu akaduka, nyumba zina zimalandira mphamvu yoyandikira ma volt 400 pomwe zina zikulandira yochepa kwambiri. Palibe chipangizo cha m'nyumba chomwe chingapirire zimenezo.

Ekisitenshoni yolembedwa kuti surge protector imalimbana ndi mdani woyamba yekha. Mdani wachiwiri amadutsa osafunsidwa, ndipo nthawi zina amaipsereza ekisitenshoniyo.

Chifukwa chake dera lino lifunika tcheru

Zaka khumi zapitazi zasintha kwambiri kayendedwe ka magetsi m'dziko muno. Mu Januware 2017 ntchito yopanga magetsi idachoka m'manja mwa ESCOM n'kupita ku kampani ya EGENCO. Mu 2018 udatha mzere waukulu wa ma volt 400,000 wochoka pa Phombeya ku Balaka kukafika ku Nkhoma, wotalika makilomita 173, womangidwa ndi thandizo la Millennium Challenge Corporation ya ku America. Nsanja zake zimaoneka m'midzi ya ku Ntcheu. Mu 2022 pa Golomoti, kungodutsa malire a boma lino, padayamba kugwira ntchito malo opangira magetsi a dzuwa a ma megawatt 20 okhala ndi mabatire osungira mphamvu.

Komabe magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe wa Ana atagumula damu la Kapichira mu Januware 2022, dziko lidataya ma megawatt pafupifupi 130 tsiku limodzi, ndipo kuthimathima kudakhala chakudya cha tsiku ndi tsiku kwa nthawi yoposa chaka. Kwa mwini zipangizo, nthawi yoopsa si yomwe magetsi athima, koma mphindi yomwe akubwerera. Mafiriji, mapampu ndi zigayo za dera lonse zimadzuka nthawi imodzi, ndipo mphamvu imagwedezeka isanakhazikike.

Chachiwiri ndi malo enieniwo. Kumadzulo kwa Ntcheu ndi mapiri a Kirk Range, kumene kuli Tsangano ndi minda yake ya mbatatesi. Kuyambira Novembala mpaka Epulo mvula ya mabingu ndi ziphaliwali siisowa, ndipo nthambi yoona zanyengo imachenjeza za mphenzi chaka ndi chaka. Mawaya omwe ntchito ya magetsi a kumidzi ya MAREP yafikitsa m'misika ya kumidzi amayenda mitunda italiitali pamtetete, m'zitunda ndi m'madambo. Mphenzi siyenera kugunda galimoto yanu kuti ikuwonongereni katundu. Ikagunda pafupi ndi mzere makilomita angapo kutali, mphamvu yake imayenda m'mawaya n'kukupezani pomwe mwalumikizapo.

Chida cholimbana ndi kudumpha kwa mphamvu

Mkati mwa surge protector muli kachipangizo kotchedwa MOV. Magetsi akakhala abwinobwino kamangokhala chete. Mphamvu ikadumpha, kamatsegula njira n'kuipatutsira ku waya wa earth, monga momwe mlimi wa m'mapiri amakumbira ngalande kumtunda kwa munda kuti madzi osefukira asakokolole mizere. Koma ngalande yopanda kothera imabwezera madzi m'munda momwemo. N'chimodzimodzi pano: ngati soketi yomwe mwalumikizapo ilibe earth, chitetezo chanu chachepa kwambiri, ngakhale chidacho mudachigula pa mtengo wokwera.

Zida zimenezi zimagawidwa m'magulu atatu. Type 1 ndi ya pa bokosi lalikulu la nyumba yomwe ili pachiopsezo chogundidwa ndi mphenzi mwachindunji. Type 2 ndi ya m'bokosi la ma buleka, ndipo ndi yomwe imayenera galimoto yogonamo kapena karavani, pomwe waya wochokera kunja walowera. Type 3 ndi ija ya pafupi ndi chipangizo, monga ekisitenshoni ya pa kompyuta, ndipo ntchito yake n'kumalizitsa zomwe Type 2 yasiya.

Pogula Type 2 yang'anani manambala atatu olembedwa pa thupi lake. Uc ikhale ma volt 275, kusonyeza kuti idapangidwira magetsi athu a 230. In ikhale cha m'ma 20 kA ndipo Imax 40 kA, womwe ndi mlingo wa mphamvu yomwe ingapatutse. Up ikhale 1.5 kV kapena kutsikirapo, chifukwa imeneyi ndi mphamvu yomwe imatsalira n'kufika ku katundu wanu. Pa ekisitenshoni pamalembedwa ma joule, ndipo ochuluka ndiwo abwino. Chida chosalembedwa nambala iliyonse mwa izi chisiyeni pa shelefu.

Dziwaninso kuti MOV imatha. Mphamvu iliyonse yomwe yapatutsa imaidya pang'ono, mpaka tsiku lina imafa koma magetsi n'kumadutsabe ngati palibe chachitika. N'chifukwa chake chida chabwino chimakhala ndi kawindo kobiriwira komwe kamafiira, kapena kanyale komwe kamazima, chitetezo chikatha. Kawindo kameneka muzikayang'ana mvula ya mabingu ikadutsa.

Chida cholimbana ndi magetsi okwera kapena ofooka

Pa misewu yathu ino, ichi ndicho chofunika koyamba. M'masitolo a zamagetsi amachitcha AVS kapena voltage protector, ndipo ambiri amachidziwa kudzera mu fridge guard ndi TV guard, monga za kampani ya Sollatek. Ntchito yake n'kuyeza magetsi nthawi zonse. Akatsika kufika cha m'ma 185 kapena akakwera kufika cha m'ma 260, chimadula. Akabwerera m'malo mwake chimadikira kaye chisanatsegule.

Kudikirako kuli ndi phindu pawiri. Kumapatsa magetsi mpata wokhazikika akangobwera kumene, komanso kumapatsa firiji mphindi zitatu zomwe imafuna kuti mpweya wa m'mapaipi mwake ukhale pansi mota isanadzukenso. Firiji yozima n'kuyakanso nthawi yomweyo imadzuka ili ndi katundu wolemera pamutu, ndipo ikatero kangapo moyo wake umafupika.

Samalani pogula, chifukwa fridge guard zina zimateteza ku magetsi ofooka okha ndipo TV guard zina ku okwera okha. Galimoto imafuna chida choyang'ana mbali zonse ziwiri, choikidwa pakhomo polowera magetsi kuti chiteteze zonse za m'kati. Pali zina zolowa m'bokosi la ma buleka zomwe zimaonetsa manambala a ma volt ndi ma amp, ndipo mmisiri angathe kuzitchera malire omwe mukufuna. Kukula kwake kugwirizane ndi katundu wanu. Pulagi yathu ya mano atatu amakona imanyamula ma amp 13, omwe ndi ma watt pafupifupi 3,000. Pulagi yabuluu ya makaravani imanyamula ma amp 16, pafupifupi ma watt 3,700. Ketulo imodzi imadya ma watt 2,000, ndiye mukawonjezapo chitofu cha mbale imodzi mwafika kale pa malire a soketi ya kukhoma.

Stabiliser ndi chida china. Iyo siidula koma imakweza kapena kutsitsa mphamvu kuti ifike pa 230. Ndi yolemera komanso yodula, koma kwa galimoto yonyamula katemera kapena makina oyezera matenda, yomwe singalole kukhala maola ambiri magetsi atadulidwa, ndi ndalama yogwiritsidwa bwino ntchito.

Moyo wa munthu uli patsogolo pa firiji

Zida ziwiri zija zimateteza katundu. Chomwe chimateteza munthu ndi RCD, yomwe amisiri ena amaitcha earth leakage. Galimoto ndi bokosi lachitsulo lokhala pa matayala a labala. Waya wa live akakhudza thupi lake pomwe earth palibe, galimoto yonse imakhala ndi magetsi koma palibe chooneka. Mwana wopanda nsapato akagwira chitseko ataponda pa dothi lonyowa, iye ndiye amasanduka njira ya magetsiwo kupita pansi.

RCD ya 30 mA imayerekeza magetsi otuluka ndi obwerera, ndipo ikaona kuti ena asochera imadula nthawi yomweyo. Galimoto iliyonse yolandira magetsi a kunja iyenera kukhala nayo, pamodzi ndi buleka yodula mawaya onse awiri, live ndi neutral, popeza m'nyumba zina mawayawa adasinthanitsidwa poika soketi. Pa RCD pamakhala kabatani kolembedwa T. Kadineni musanayambe ulendo. Ngati siidula, musadalire.

Chizindikiro chimodzi musachinyalanyaze: mukamva kunyerenyesa pogwira chitseko kapena sinki, zulani pulagi pompo. Si nkhani yoti muione mawa.

Msampha wa katundu wochokera kunja

Magalimoto ambiri a m'Malawi adagwirapo ntchito ku Japan, ndipo ena mwa ma Hiace ndi ma Coaster ogonamo amabwera ali ndi mawaya, ma soketi ndi machaja a kumeneko. Ku Japan magetsi a m'nyumba ndi ma volt 100. Kulumikiza galimoto yotere ku soketi yathu kudzera pa adaputa n'kupsereza zonse nthawi imodzi, ndipo surge protector singathandize chifukwa kwa iyo 230 ndi magetsi abwinobwino. Pafunika thiransifoma yotsitsa mphamvu, kapena mmisiri asinthe zonse za m'kati.

Wogula pa intaneti asamalenso. Zida zambiri zotchuka zotetezera magalimoto ogonamo, zolembedwa 30 amp kapena 50 amp, zidapangidwira ku America ndi Canada komwe magetsi ndi ma volt 120. Ndi zida zabwino kwawo, koma kuno sizigwira.

Makaravani ochokera ku South Africa alibe vuto la ma volt chifukwa nawo ndi 230, koma mapulagi awo ndi a mano ozungulira. Apa ndi pomwe ma adaputa otchipa amalowerera, ena opanda dzino la earth, ena olowa mogwedera mpaka kusungunuka. Nzeru n'kupangitsa kachingwe kafupi kokhala ndi pulagi yathu mbali ina ndi soketi yabuluu mbali inayo, mawaya onse atatu ali olumikizidwa bwino. Chingwe chachitali chikhale cha 2.5 mm², cha panja, chosapitirira mamita 25, chopanda mfundo zomata ndi tepi. Chitambasuleni chonse, chifukwa chingwe chokulungidwa chimatentha chikanyamula katundu wolemera.

Jenereta, sola ndi batire

Ku malo ambiri a kumidzi kulibe soketi ya ESCOM. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 aliwonse m'dziko muno ndi omwe ankaunikira ndi magetsi. Choncho lole ya zokuzira mawu ikalowa ku Kandeu kapena ku Katsekera, kawirikawiri imadalira jenereta.

Jenereta yaing'ono yopanda AVR, kachida kowongolera mphamvu yotuluka, imasinthasintha mphamvu katundu akamachuluka kapena kuchepa, ndipo imaopsa kwambiri mafuta akamatha, pomwe injini imayamba kutsokomola. Lamulo lake ndi lapafupi: ilizeni, idikireni ikhazikike, kenako lumikizani katundu. Pozimitsa yambani mwachotsa katundu. AVS ikhale pakati pa jenereta ndi zipangizo monga mmene ikhalira pa magetsi a ESCOM. Pemphaninso mmisiri aone ngati RCD yanu ikudula pa jenereta imeneyo, chifukwa majenereta ena adamangidwa mwanjira yoti RCD siiona vuto. Ndipo jenereta ikhale panja, kutali ndi mawindo, pakuti utsi wake umapha munthu ali m'tulo.

Mbali ya sola ndi mabatire ili ndi malamulo ake. Fyuzi ikhale pafupi kwambiri ndi batire, chifukwa batire ya ma volt 12 ikagundanitsa mawaya imatha kuyatsa moto. Polumikiza controller ya sola yambani ndi batire, mapanelo pambuyo. Ngati mapanelo mumawayala patali ndi galimoto pa chingwe chachitali, ikani surge protector ya DC. Ya AC siilowa m'malo mwake.

Palinso chizolowezi chofala m'madepoti ndi m'magalaja chomwe chiyenera kutha: kuzula batire injini ikulira kuti akalizire galimoto ina. Batire ikachoka mwadzidzidzi, alternator imaponya mphamvu yaikulu m'mawaya onse a galimoto. Magalimoto akale ankapirira. Amakono, okhala ndi kompyuta, invata ndi machaja, amawonongeka.

Mabingu akayamba

Mphenzi imodzi imanyamula ma amp pafupifupi 30,000. Palibe chida cha m'galimoto chomwe chingaime pamaso pake ikagunda pafupi. Chitetezo chenicheni n'chaulere: kuzula chingwe cha kunja mvula isanafike, kuyambira ku soketi ya kukhoma, n'kudalira batire mpaka kunja kutayera.

Phokoso la bingu limayenda kilomita imodzi pa masekondi atatu. Mukawerenga masekondi osakwana 30 pakati pa chiphaliwali ndi bingu, mphenziyo ili mkati mwa makilomita 10, ndipo nthawi yogwiragwira zingwe panja yatha. Tsitsiranitu mlongoti wa wailesi, dishi ndi mitengo yokwezera masipika mitambo ikangoyamba kuda. Musaimike galimoto pansi pa mtengo womwe uli wokha kapena pamwamba pa chitunda.

Amene ali m'galimoto ya thupi lachitsulo, mawindo ali otseka, amakhala wotetezeka ndithu. Chomwe chimamuteteza si matayala ayi, koma chitsulocho, chomwe chimazungulitsa mphamvu kunja n'kuitsitsira pansi. Tenti ya padenga ndi karavani ya fibreglass zilibe chitetezo chotero. Ogona m'menemo asamukire m'nyumba kapena m'galimoto yachitsulo.

Kugula ndi kuika

Ngati ndalama n'zochepa, ndondomeko yake ikhale iyi. Choyamba RCD ndi earth yabwino, chifukwa ndi moyo. Chachiwiri AVS yoyang'ana magetsi okwera ndi ofooka. Chachitatu surge protector ya Type 2. Pamwamba pa izi gulani socket tester, kachida kokwana m'thumba komwe mukakalowetsa pa soketi kamayatsa timagetsi tosonyeza ngati earth ilipo komanso ngati live ndi neutral zili m'malo mwake. Soketi ikalephera mayeso amenewa, pemphani ina kapena gonerani batire.

Zabodza zilipo pamsika. Pali ma ekisitenshoni olembedwa mawu okoma pa katoni koma mkati mulibe MOV, ndipo timawaya take ndi topyapyala kwambiri. Bungwe la Malawi Bureau of Standards ndi lomwe limayang'anira miyezo ya katundu, koma wogula naye achitepo mbali yake: agule m'sitolo yodziwika, afunse pepala la manambala a chidacho, alandire lisiti. Ntchito yoika ipatsidwe kwa mmisiri wokhala ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za mphamvu m'dziko muno. Kumbukiraninso kuti kasitomala wa ESCOM ndi mwini mita, osati mlendo yemwe wapempha soketi usiku umodzi. Katundu wa mlendo akapsa, njira yodandaulira imakhala yaitali.

Mawu omaliza apite kwa eni malo ogona alendo, mipingo, sukulu ndi maholo a ku Ntcheu, omwe ndi amene amapereka magetsi kwa apaulendowa. Kutulutsa ekisitenshoni pawindo n'kuidutsitsa m'matope ndi mtima wabwino, koma ndi ngozi kwa mlendo ndi kwa ana a pakhomopo. Soketi ya panja yosalowa madzi, yokhala ndi RCD yakeyake ndi chitsulo cha earth chokhomedwa bwino m'nthaka, ndi ntchito ya tsiku limodzi kwa mmisiri wodziwa. Malo okhala ndi soketi yotere angathe kulipiritsa magetsiwo mosachita manyazi, ndipo oyendetsa magalimoto amauzana okha komwe adagona bwino. Nthawi yoitana mmisiriyo ndi miyezi ya chilimwe, dothi likadali louma, chifukwa earth yomwe yapambana mayeso mu Okutobala idzagwira bwino koposa mvula ikagwa.